Kamwendo kacitsulo kodula

Ana inu, kodi munaonapo bambo akupalasa njinga? Bondo limakwera ndi kutsika. Mwendo umakankha copondapo, ndipo gudumu limazungulira.

M'kati mwa injini ya galimoto mulinso kamwendo kotere, koma kacitsulo. Amakaniko amati ndi biela. Mafuta akayaka, amakankha pisitoni. Pisitoni imakankha biela, biela nayo imazungulitsa injini.

Galimoto za mpikisano zimathamanga kwambiri. Injini zina zimazungulira kopitirira ka 10 000 pa mphindi imodzi! Pa liwiro lotere, biela wamba ikhoza kuthyoka. Ikathyoka, imaboola injini, ndipo injini yonse imafa.

Conco biela ya mpikisano iyenera kukhala yolimba, komanso yopepuka. Zinthu ziwirizi n'zovuta kuzipeza pamodzi. Ena amaipanga ndi titaniyamu. Titaniyamu imalimba ngati citsulo, koma imapepuka kuposa citsulo. Imapezeka mu mcenga wakuda wa ku Moma, ku Nampula, kumene anayamba kukumba mu 2007. Koma kuicotsa mu mcengamo kumafuna moto wambiri ndi ndalama zambiri.

Amisiri amasula biela, kenaka makina amaipala pang'onopang'ono. Amaiyang'ana bwino ngati ili ndi kamng'alu. Amaiyikanso pa sikelo, cifukwa mabiela a injini imodzi ayenera kulemera mofanana.

Mabiela a galimoto wamba amapangidwa ambirimbiri nthawi imodzi, ndiye mtengo umatsika. A mpikisano amapangidwa ocepa okha. Wogula ndiye amalipira nchito yonseyi.