Kusankha Mavalavu a Ampulifaya ya Gitala

Akuluakulu a mu Lusaka akali kukumbukira wailesi ija inafika m'caka ca 1949, imene inachedwa Saucepan Special cifukwa maonekedwe ace anali onga poto. Mtengo wace unali £5, ndipo batire anagula padera. M'kati mwace munali timabotolo tagalasi tinai, ndipo ndi timabotoloto timene tinafikitsa mau a Alick Nkhata ndi gitala yace m'midzi yakutali, kucokera ku nyumba ya wailesi ya Central African Broadcasting Station. Kabotolo kotere dzina lace ndi valavu. M'mawailesi valavu inatha kale, pakuti transistor inalanda malo ace m'zaka za 1960. Koma m'maampulifaya a gitala ikalipobe, ndipo oimba ambiri safuna kulekana nayo cifukwa ca kukoma kwa kaliridwe kace.

Ampulifaya yotere iri ndi mavalavu a mitundu iwiri. Akulu, monga EL34, 6L6 ndi EL84, akhala kumapeto, ndipo nchito yao ndiyo kukankha sipika. Ang'ono, a miyendo 9, akhala kuciyambi, kumene waya wa gitala ulowera. Nkhani ino iri ya ang'onowo.

Mphamvu yocokera ku nsambo za gitala njocepa ndithu, yosakhoza kugwedeza sipika. M'valavu muli kacitsulo kamene kakatentha kamatulutsa magetsi, ndipo magetsiwo amathamangira ku kambale kacitsulo kokhala pafupi. Pakati pa ziwirizi pali kawaya kopombedwa, ndipo mphamvu ya gitala ifikira pa kawayako. Ziri ngati mwana wotsegula ndi kutseka ngalande ya m'dimba: dzanja lace nlaling'ono, koma madzi amene alamulira ngambiri. Mavalavu ang'ono ambiri ali ndi zipata ziwiri zotere m'galasi limodzi.

Yodziwika koposa ndi 12AX7, imene kampani ya RCA ku America inayamba kugulitsa m'caka ca 1947. Ku Ulaya aicha ECC83, koma cinthu ncimodzi. Mphamvu yace yokuza mau aiwerenga 100. Abale ace olowa pa malo omwewo ndi awa: 5751 ya mphamvu 70, 12AT7 kapena ECC81 ya 60, 12AY7 ya 40 ndi pang'ono, ndi 12AU7 kapena ECC82 ya pafupi 20. Munthu wosazolowera angayese kuti ya 100 ndiyo yabwino nthawi zonse. Si tero ai.

Cinsinsi ciri pa valavu yoyamba, yokhala pafupi ndi polowera waya wa gitala. Ciri conse cimene iyo icita, cabwino kapena coipa, mavalavu onse otsatira amacikuza. Ikamacita msoo ngati mphika wa pamoto, msoowo ufika ku sipika utakula kambiri. Madzi akabvunduka ku gwero, mtsinje wonse ubvunduka. Cifukwa cace woimba amene ndalama zace zingokwana valavu imodzi yabwino, aiike pa malo oyamba, osati pena.

Nanga aikepo iti? Nyimbo zimene iye aimba ndizo ziyankha funsoli. Gitala ya kalindula ndi ya rumba ifuna mau oyera, kuti nsambo iri yonse imveke payokha ngakhale zala zithamange cotani. Ya m'calichi nayonso iyenera kupatsa malo mau a anthu. Valavu ya mphamvu 100 imafulumira kudzaza yotsatira, ndipo mau amayamba kusasa ampulifaya isanatsegulidwe ndi theka lomwe. Woimba wotere adzakondwa ndi 5751 kapena 12AY7. Mau sadzacepa ndi theka monga manambala aonetsera. Cimene cisintha ndi cakuti munthu akhoza kutsegula kwambiri mau asanasase. Ici si cacilendo: Leo Fender anaika 12AY7 pa malo oyamba mu Bassman ya m'zaka za 1950, ndipo pamene Jim Marshall ku London anatengera mapangidwe a Bassman m'caka ca 1962, anaikapo ECC83. Cimeneci ndi cimodzi ca zifukwa zimene Marshall iliri ndi ukali wopambana.

Wofuna mau osasa a Zamrock, onga a Paul Ngozi kapena a gulu la WITCH m'zaka za 1970, asiye 12AX7 pamalo pace. Koma adziwe kuti kusasa kwambiri kwa nyimbo zoterezi kumacokera ku kabokosi koponda ndi phazi kochedwa fuzz, kamene m'kati mwace muli matransistor. Wogula mavalavu okwera mtengo poyembekeza kulira ngati Ngozi Family, kabokosiko alibe, adzataya ndalama cabe.

Za 12AU7 nzosacuruka: pa malo oyamba imafooketsa gitala. Ya 12AT7 iri ndi nchito yaceyace. M'maampulifaya ambiri a Fender a m'zaka za 1960 ndiyo ikankha reverb, ndiponso ndiyo idyetsa mavalavu akulu. Pamene wopanga anaikapo 12AT7, pabwerere 12AT7 yomwe. Ndipo EF86 ya m'maampulifaya ena akale a Vox, ngakhale iri ndi miyendo 9, silowana ndi abale onsewa.

Palinso nkhani ya njira, imene oimba a mu Lusaka aidziwa bwino kuposa olemba mabuku a ku Ulaya. Ampulifaya imene Loweruka icoka ku Chelstone pambuyo pa galimoto kunka ku ukwati ku Woodlands, ndipo m'mawa mwace iri m'calichi ku Kabwata, imagwedezeka kwambiri. Tizitsulo ta m'galasi tikakhwefuka, valavu imasanduka ngati khutu: imamva kugunda kwa sipika, niyamba kulira mluzu wosaleka. Kuyesa kwace nkosabvuta. Ampulifaya iri ciyakire, munthu agogode galasi pang'onopang'ono ndi pensulo, osakhudza cina ciri conse. Yabwino ingomveka pang'ono. Yodwala ilira ngati belu m'sipika. Pa ampulifaya imene sipika ndi mavalavu ziri m'bokosi limodzi, mavalavu a timbale tatifupi apirira koposa a timbale tatitali, ngakhale ena amatama atatitaliwo. Ampulifaya yokhala phee m'cipinda ku Kabulonga ingathe kulandira iri yonse.

Mavalavu sapangidwa m'Zambia. Atsopano acokera ku kampani ya JJ Electronic ku Slovakia, ku mzinda wa Saratov ku Russia, ndi ku China, ndipo m'caka ca 2022 anasowa nakwera mtengo pa dziko lonse cifukwa ca nkhondo ya ku Ukraine. Maina akale amanyenga. Mullard weniweni anapangidwa ku Blackburn, ku England, ndipo nchitoyo inaleka kale. Mullard watsopano wa lero ndi wa ku Saratov. Si woipa, koma wogula asalipire mtengo wa wakale. Wopeza bokosi la mavalavu akale kwa wokonza mawailesi m'tauni ayang'ane cilembo coyamba. E ndiye wa mavoliti 6.3, woyenera. Oyamba ndi P kawirikawiri anali a m'matelevizyoni, oyamba ndi U a m'mawailesi ena a magetsi, ndipo oyamba ndi D anali a batire. Onsewa sathandiza gitala.

Kusintha valavu yaing'ono munthu angacite yekha, pakuti sikufuna kucuna kwina monga mavalavu akulu afunira. Azime ampulifaya, azule pulagi, alinde galasi lizizire, ndipo azule mowongoka, akuyang'ana mpata wa pakati pa miyendo pobwezera. Koma kumasula bokosi lacitsulo la m'kati ndi nkhani yina. M'menemo mumakhala mavoliti 400 kapena kuposa, ndipo mphamvuyo ikhoza kutsalira ngakhale pulagi yazulidwa. Ingathe kupha munthu. Imeneyo ndi nchito ya mmisiri. Mmisiri yemweyo aonenso ampulifaya yocokera ku America, pakuti kumeneko magetsi ndi a mavoliti 120, pamene a kuno ndi 230.

M'caka ca 2024, madzi atacepa ku Kariba, maukwati ndi mapemphero ambiri anayenda ndi jenereta. Polizitsa jenereta, ampulifaya ikhale yozima kufikira injini itakhazikika. Ndipo valavu yakale imene yacotsedwa ikali kugwira nchito isataidwe. Ikulungidwe m'kansaru, ikhale m'bokosi la gitala, kuti yatsopano ikayamba mluzu mkwati ali pakhomo, pakhale yolowa m'malo.