Ali Sitandade 6, koma maphatikizo akumuvutabe

Pa 23 Malichi 2020 boma linatseka sukulu zonse m'dziko muno chifukwa cha mliri wa Covid-19. A Sitandade 8 ndi Fomu 4 anabwerera mu Sepitembala, koma ana a makalasi oyambirira anadikira mpaka Okutobala. Asanazolowere n'komwe, mu Januwale 2021 sukulu zinatsekedwanso, ndipo zitatsegulidwa aphunzitsi ananyanyala ntchito pofuna ndalama za ukadziotche. Mu 2023 kolera anachedwetsa kutsegulira sukulu m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre, kenako mu Malichi namondwe wa Freddy anasandutsa makalasi ambiri a m'chigawo chakumwera kukhala misasa ya anthu othawa madzi.

Amene anapwetekeka kwambiri ndi ana a Sitandade 1 ndi 2. Mwana wodziwa kale kuwerenga akakhala pakhomo miyezi isanu ndi umodzi amaiwala pang'ono chabe. Koma uja amene anali atangoyamba kugwira ba be bi bo bu, zonse zimachoka. Maphunziro a pa wailesi ya MBC anathandiza ena, komatu chilembo sichioneka pa wailesi, ndipo m'makomo ambiri wailesiyo kapena mabatire ake munalibe.

Vutoli linalipo mliri usanafike. Kafukufuku wa MICS wa 2019-20, yemwe anachita a National Statistical Office, anapeza kuti mwa ana asanu aliwonse a zaka 7 mpaka 14, mmodzi yekha ndiye amawerenga nkhani yaifupi n'kuimvetsa. Kutsekedwa kwa sukulu kunathira mchere pachilonda chakale.

Sukulu zitatsegulidwa, nkhawa ya akuluakulu inali yomaliza silabasi. Ana anakwezedwa kalasi, mphunzitsi anatsegula buku la kalasi yatsopanoyo, moyo n'kupitirira. M'kalasi ya ana 100 kapena kuposerapo, mwana wosadziwa kuwerenga savuta kubisala. Mphunzitsi akawerenga chiganizo, kalasi yonse imabwereza mokweza, naye amayasamula kukamwa pamodzi ndi anzake. Ena amaloweza tsamba lonse poyang'ana chithunzi. Mukaphimba chithunzicho n'kuloza mawu amodzi apakati, mwana amangoti zyoli. Akafika m'makalasi apamwamba, kumene pafupifupi mabuku onse ali m'Chingerezi, amakhala akulimbana ndi chilankhulo chachiwiri asanathe kuwerenga choyamba.

Anzathu a ku Zambia ali ndi njira yoyenera kuiona bwino. Mu 2016 unduna wawo wa zamaphunziro unayamba kuyesa ndondomeko ya Catch Up m'sukulu 80 za m'zigawo za Eastern ndi Southern, kuphatikizapo za ku Chipata ndi Katete kumene ana amaphunzira m'Chinyanja. Nzeruyi anaitenga ku bungwe la Pratham la ku India. Mphunzitsi amakhala ndi mwana mmodzimmodzi kwa mphindi zochepa n'kumupatsa pepala lokhala ndi zilembo, mawu, ndime yaifupi ndi kankhani. Pamene mwana wakakamira ndi pamene maphunziro ake ayambire. Ana a Giredi 3 mpaka 5 amawagawa m'magulu potengera zimene akutha, osati kalasi kapena msinkhu wawo, ndipo amaphunzira chotero pafupifupi ola limodzi patsiku. Wodziwa zilembo amakhala ndi anzake a zilembo. Akayamba kuwerenga mawu amasamukira gulu lina osadikira kutha kwa teremu. Zipangizo zake ndi makadi, choko ndi pansi pomwe.

Chichewa chili ndi mwayi umene Chingerezi chilibe: chimalembedwa monga momwe chimamvekera. Mwana akagwira a e i o u ndi maliwu a zilembo zina, mawu monga madzi, fodya kapena galu amadziphatikizira yekha. Pamene ambiri amaphunthwa ndi pa maphatikizo olemera: nkha, mpha, ntha, ng'o, mbwe, psa, bzi. Mwana amene amawerenga bwinobwino "amayi apita kumunda" koma n'kuima pa "nkhwangwa" sakufunika kubwezedwa ku Sitandade 1. Akufunika masabata angapo a maphatikizo amenewo basi. Koma mphunzitsi sangadziwe izi ngati sanamumve mwanayo akuwerenga payekha.

Kuno kwathu sitinagone. Ndondomeko ya National Reading Programme, yomwe inayamba mu 2016, inabweretsa mabuku ndi kaphunzitsidwe ka maliwu m'Sitandade 1 mpaka 4. Kuyambira 2023 ndondomeko ya BEFIT yakhala ikufikitsa matabuleti otchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa m'makalasi omwewo, ndipo mwana amaphunzira pa liwiro lake. Zonsezi n'zabwino, koma zikuthera pa Sitandade 4. Ana amene anali kuyamba sukulu mu 2020 anadutsa kale pamenepo. Ali m'makalasi akumtunda, mayeso a Sitandade 8 akuwayandikira, ndipo sitikuwafunafuna mokwanira.

Mwana wotere amafunikanso kumusunga ulemu. Mtsikana wa zaka 13 mukamupatsa buku la Sitandade 1 pamaso pa anzake, mawa sabwera. Kagulu kakang'ono, pa nthawi yakeyake, popanda kusekana, ndi kumene angayesere n'kulakwitsa mosaopa. Kunyumba nakonso kuli zowerenga kuposa mmene timaganizira: buku la nyimbo, Baibulo, thumba la feteleza, kabuku ka kusikelo. Mkulu wake kapena azakhali atamumvetsera mphindi khumi madzulo aliwonse, kusintha kumaoneka. Amayi a mother group, amene amayenda kale m'makomo kulondola ana ojomba, angathe kukumbutsa makolo zimenezi.

Chovuta chenicheni ndi nthawi ya mphunzitsi. Amene wakhala ndi ana 100 kuyambira m'mawa sitingamuuze kuti atsalire masana mwaulere n'kuyembekezera kuti zipitirira. Ola la ana otsalira m'mbuyo liyenera kulembedwa pa ndandanda wa maphunziro a tsiku, ngakhale phunziro lina lichepetsedwe, ndipo alangizi a m'mazoni akamayendera sukulu azifunsa kuti ndi ana angati a Sitandade 5, 6 ndi 7 amene asamuka gulu mwezi uno, m'malo mongofunsa tsamba limene silabasi yafika.