Kodi Bulangete Licapidwe Liti?

PA Ciweru m'mawa, pa zitsime ndi pa mijigo ya m'midzi ya ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi, mabeseni amadzaza ndi zocapa. Munthu woyang'anitsitsa aona kuti zocapazo n'zofanana pafupifupi m'beseni lililonse: yunifomu ya mwana wa sukulu, malaya oyera a bambo, ndi citenje ca mai copita naco ku chalichi pa Sondo. Zonsezi ndi nsalu zimene anansi adzaziona. Kunyumba kwatsala bulangete limene linalawa madzi komaliza cimanga cisanakhwime, lopindidwa pa ngodya ya mdima, ndi thaulo limodzi la banja lonse, lopacikidwa pa msomali kuseri kwa citseko, likali lonyowa ndi madzi a dzulo.

Palibe amene angadzudzule mai wofuna kuti ana ake aoneke bwino pa anthu. Komatu matenda a pakhungu ndi a maso sabisala m'malaya ovalidwa maora atatu pa mlungu. Amabisala m'nsalu zimene zimakhudza thupi usana ndi usiku, ndipo kawirikawiri izi ndizo zimakhala zomalizira kuona sopo.

N'kwapafupi kuuza anthu kuti azicapa zonse tsiku ndi tsiku, koma wonena zotero sanasenzepo madzi. Cigubu ca malita 20 cimalemera makilogalamu 20, ndipo bulangete limodzi lalikulu likhoza kumwa zigubu ziwiri lisanayere. M'caka ca 2024, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti cilala casanduka tsoka la dziko lonse, zitsime zambiri zinaphwa msanga ndipo amai anali kulawirira usiku kukafuna madzi akumwa okha. Sopo nayenso ndi ndalama. Muyeso umene mabungwe othandiza anthu pa nthawi ya tsoka amatsata ndi magalamu 200 a sopo wocapira kwa munthu mmodzi pa mwezi, kupatula wosambira. Banja la anthu 6 lifunika tsono sopo woposa kilogalamu imodzi mwezi uliwonse, ndipo si mabanja onse amene amamupeza. Cotero cofunika kudziwa ndi ici: madzi ndi sopo zikacepa, nsalu iti iyenera kuyamba kulowa m'beseni, ndipo iti ingadikire?

Masiku amawerengedwa ndi nsabwe

Masiku ocapira sanangopekedwa ndi anamwino. Amacokera pa moyo wa tizirombo timene timakhala m'nsalu. Nsabwe ya m'zovala siikhala pathupi ai. Imakhala m'misoko ya malaya ndi kuikira mazira ake momwemo, ndipo imangotuluka kudzayamwa magazi. Mazirawo amaswa patapita mlungu umodzi kapena kuposerapo pang'ono, ndipo nsabwe yosowa magazi imafa mlungu usanathe. Ici ndico cifukwa cake munthu amene amasamba ndi kusintha zovala zocapa kamodzi pa mlungu sasunga nsabwe zotere. Covala covalidwa tsiku ndi tsiku, monga malaya a kumunda, cisapitirire masiku 7 cosacapidwa.

Nsabwe si nkhani ya manyazi okha. Ku Burundi m'caka ca 1997, anthu zikwizikwi amene anaunjikana m'misasa cifukwa ca nkhondo, opanda sopo ndi zosinthira, anadwala taifasi, nthenda ya malungo aakulu yofalitsidwa ndi nsabwe za m'zovala. Nthendayi isasokonezedwe ndi taifodi, imene imadza ndi madzi ndi cakudya coipa.

Pali nsalu zina zimene sizingadikire mlungu. Zovala za m'kati, masokosi, matewera a mwana ndi nsalu zimene amai ndi atsikana amagwiritsa nchito ali kumwezi ziyenera kucapidwa tsiku lomwelo. Mwai wake ndi wakuti n'zazing'ono. Madzi a m'mbale imodzi akwanira. Colakwa cofala ndico kuziyanika mobisa pansi pa bedi kapena pa denga la cimbudzi kumene dzuwa silifika. Amene acita manyazi angathe kuziyanika pa cingwe ndi kuphimba pamwamba pake ndi citenje copepuka.

Msonga ya citenje ndi thaulo la onse

Aliyense anaonapo mai akupukuta manthongo m'maso mwa mwana ndi msonga ya citenje cake, kenaka mamina a wina, kenaka nkhope ya khanda liri kumsana. Ndi nchito ya cikondi, koma ndiyo njira imodzi imene trakoma imayendera. Nthenda ya masoyi imapita kwa wina kudzera m'zala, m'nsalu ndi mwa nchenche zotera pankhope. Ikabwerezabwereza zaka zambiri, m'kati mwa cikope mumacita zipsera, nsidze zimapindikira m'kati ndi kumakanda diso kufikira munthu acita khungu. Bungwe la WHO, loyang'anira zaumoyo pa dziko lonse, limanena kuti akazi ocita khungu ndi nthendayi akhoza kucuruka kanai kuposa amuna, popeza ndiwo amakhala pafupi ndi ana. Kuti nthendayi ingagonjetsedwe anaonetsa anansi a ku Malawi, amene m'caka ca 2022 anavomerezedwa ndi bungwelo kuti trakoma sirinso vuto la dziko lao. Mankhwala ndi opaleshoni zinathandiza, komanso nkhope zoyera za ana zinali mbali ya nchitoyo.

Thaulo limodzi logwiritsidwa nchito ndi bambo, mai ndi ana asanu limapukuta matupi 7 tsiku limodzi ndipo siliuma konse. Zipere ndi matenda a maso zimayenda nalo mosavuta. Kugula mathaulo 7 n'kovuta, koma citenje cakale cing'ambidwa zidutswa, ndipo mwana aliyense akhoza kukhala ndi cake cimene acidziwa. Kansalu kotere kamauma msanga kuposa thaulo lokhuthala la m'sitolo. Kayanikidwe panja munthu akangotha kusamba, ndipo kacapidwe kawiri pa mlungu. Ka mwana wodwala maso kacapidwe tsiku lililonse, pakokha.

Zogonera

Munthu amagona maora ngati 8 usiku uliwonse, ndipo thukuta, litsiro ndi mkodzo wa ana zimatsalira pa zogonera. Nsalu zoyala ndi zovundikira mitsamiro zifunika kucapidwa kamodzi pa mlungu, kapena zikavuta pa milungu iwiri; m'kutentha kwa Okutobala ndi Novembala mlungu umodzi ndiwo malire. Pamene mwana wakodzera sipadikira Ciweru.

Nanga bulangete? Pano pali nzeru imene imapulumutsa madzi ndi msana wa mai. Ngati pakati pa thupi ndi bulangete paikidwa citenje kapena nsalu yopepuka, litsiro lambiri limathera pa nsaluyo, imene icapika ndi madzi ocepa ndi kuuma ora limodzi. Bulangete lotetezedwa motero likhoza kucapidwa kamodzi pa miyezi iwiri kapena itatu, makamaka cisanu cisanayambe mu Meyi ndiponso cikatha mu Ogasiti, lisanasungidwe. Lofundidwa pathupi penipeni, monga la ana, lisapitirire mwezi. Masiku ena onse nchito ndi ya dzuwa, limene sililipiritsa: bulangete, matiresi ndi mphasa zituluke panja kawiri kapena katatu pa mlungu, zikung'unthidwe ndi kuyanikidwa pa cingwe kapena pa thandala. Ndipo bulangete lonyowa ndi katundu wolemera. Bambo amene ali ndi njinga yonyamulira matumba a feteleza ali nayonso yonyamulira zigubu ziwiri, ndipo manja ake sadzathyoka pofinya bulangete limene iye mwini amafunda.

Nsikidzi n'zouma mutu. Zimabisala m'mabango a mphasa, m'ming'alu ya bedi ndi ya cipupa, ndipo zikhoza kukhala miyezi yambiri zosadya. Kucapa nsalu kokha sikuzithetsa. Mphasa ndi matabwa a bedi zithiridwe madzi owira, ndipo ming'alu ya cipupa imatidwe.

Mphere zikalowa m'nyumba

Masiku onse awerengedwawa ndi a banja labwinobwino. Mphere zikalowa, ciwerengero cimasintha. Nthendayi imayamba ndi kanthata kosaoneka ndi maso, kamene kamakumba njira pansi pa khungu ndi kuikira mazira awiri kapena atatu tsiku lililonse. Kuyabwa kwake kumakula usiku, pakati pa zala, m'ciuno, m'khwapa ndi m'matako. WHO imati anthu osacepera 200 miliyoni amakhala nazo pa nthawi iliyonse, ndipo m'caka ca 2017 inaziika m'gulu la matenda a m'maiko otentha amene ananyalanyazidwa. Ambiri amaziyesa zacibwana, koma zironda zokanda zikalowa tizirombo tina, mwana akhoza kudwala impso kapena mtima pambuyo pake.

Cimene cimagonjetsa mabanja ambiri ndi ici: munthu wogwidwa mphere koyamba akhoza kukhala milungu 4 kufikira 6 asanayambe kuyabwa, koma akupatsira kale anzake. Mai atenga mwana mmodzi wokandayo kupita naye ku cipatala, amdzoza mankhwala, acira. Patapita mwezi mkulu wake ayamba, ndipo wociritsidwa uja atenganso. Pamenepo anthu amayamba kunena kuti mankhwala a ku cipatala ngosagwira, mwinanso kuganizira anansi zoipa. Njira yake ndi yakuti onse ogona m'nyumba imodzi alandire mankhwala tsiku limodzi, oyabwa ndi osayabwa omwe, ndipo tsiku lomwelo zovala, mathaulo ndi zofunda zimene anagwiritsa nchito m'masiku atatu apitawo zicapidwe.

Kanthataka kamafa pa kutentha kwa madigiri 50 kwa mphindi 10. Kumudzi kulibe copimira, koma madzi owira othiridwa m'beseni la zovala ndi kuvundikiridwa amapitirira muyesowo. Ngati nkhuni kapena madzi zacepa, pali njira ina yosadya ndalama. Kanthataka sikakhala moyo kupitirira masiku awiri kapena atatu kunja kwa thupi la munthu; cotero bulangete lomangidwa m'thumba la pulasitiki ndi kusiyidwa masiku osacepera atatu, makamaka mlungu wathunthu, limatuluka lopanda ngozi. Zofunda za mwana wobwera ku chuthi kucokera ku sukulu yogonera komweko, ngati akudzikanda, ziyambe zalowa m'thumba lotere. Zovala za salaula nazonso zicapidwe zisanavalidwe.

Kuyanika ndi theka la kucapa

Nsalu yocapidwa bwino ikhoza kuonongeka poyanika. M'dzinja makamaka kuli nchenche ya mtundu wofiirira imene imaikira mazira 100 kufikira 300 pa dothi la mumthunzi lonunkha mkodzo kapena cimbudzi, ndiponso pa nsalu zonyowa zoyalidwa pansi kapena pa zitsamba. Mazirawo amaswa m'masiku atatu okha, ndipo kamphutsi kake kamadikira mlungu kapena kuposerapo. Nsaluyo ikavalidwa kamaboola khungu, ndipo pamatuluka cotupa ngati cithupsa cokhala ndi kabowo pakati. Makanda ndiwo amavutika kwambiri, popeza thewera losatsukuluzidwa bwino limaitana nchencheyi. Cotupaco cisafinyidwe ndi mphamvu. Cikamatidwa ndi Vaseline mphutsiyo imasowa mpweya ndi kutulutsa mutu yokha, ndipo ngati patupa kwambiri mwanayo apite ku cipatala.

Nchencheyi siikira pa dzuwa lowala. Cingwe comangidwa pamtetete ndico citetezo coyamba, ndipo simbi yamakala ndiyo caciwiri: matewera, zovala za m'kati ndi nsalu zoyala zisitidwe mbali zonse ziwiri, makamaka m'misoko. Kutentha komweko kumaphanso mazira a nsabwe.

Malo ocapira nawonso ali ndi mlandu wake. Mai woima m'madzi odikha a pa damu kapena pa mtsinje m'mawa wonse akhoza kubwerako ndi likodzo, pakuti tizirombo take totuluka m'nkhono timalowera pakhungu. Madzi omwewo akatungidwa ndi kusungidwa masiku awiri, tiziromboto timafa. Zovala ndi zofunda za munthu wotsegula m'mimba zisapite konse ku mtsinje kapena pafupi ndi citsime. Kolera imene inayamba ku Lusaka mu Okutobala 2023 inagwira anthu oposa 20,000 ndi kupha oposa 700, kufikira bwalo la National Heroes Stadium linasandutsidwa cipatala. Nsalu za wodwala wotere ziwiritsidwe mphindi 5 kapena zinyikidwe m'madzi a klorini monga alangizira a zaumoyo, ndipo madzi ocapirawo atayidwe m'cimbudzi. Zovala zimene bambo wavala popopera thonje zicapidwe tsiku lomwelo, pazokha, kutali ndi za ana.

Cimodzi cosafuna kucapidwa kawirikawiri

Pa zogonera zonse pali cimodzi cimene mai waukhondo kwambiri angacione nga ndi kucapa. Neti yoteteza udzudzu, monga amene Unduna wa Zaumoyo umagawira mabanja kwaulere, ili ndi mankhwala m'ulusi wake, ndipo inapangidwa kuti mankhwalawo apirire kucapa ka 20 m'zaka zitatu. Wocapa neti Ciweru ciliconse amatha ciwerengeroco m'miyezi isanu, ndipo amatsala ndi nsalu yoyera imene udzudzu suiopa. Kamodzi pa miyezi itatu n'kokwanira. Fumbi ndi mwaye wa masiku ena zingokung'unthidwa. Icapidwe m'beseni ndi madzi ozizira ndi sopo wamba, mosapikicha ndi mphamvu, osati mu mtsinje, pakuti mankhwala ake amapha nsomba. Simbi isaikhudze, ndipo popeza dzuwa limafoola mankhwalawo, iyo yokha ndiyo iyanikidwe mumthunzi, pa cingwe cam'mwamba m'khonde, osati pa udzu.