Kuŵeta Nsomba ndi Nkhasi M'thanki

Anthu ena amaŵeta nsomba ndi nkhasi m'mathanki agalasi pofuna kukometsa nyumba zawo. Mbuna za m'nyanja ya Malaŵi zimagulitsidwa ku maiko akutali pa chifukwa chimenechi.

Munthu asanagule thanki, ayenera kudziŵa msinkhu umene chiŵeto chake chidzafike chikakula. Nsomba yotchedwa oscar, ya ku South America, imagulidwa ili yaing'ono ngati chala, koma imakula mpaka masentimita 30. Imodzi yokha imafuna madzi okwana malita pafupifupi 280. Nsomba zikathithikana, mpweya wa m'madzi umachepa ndipo zonyansa zake zimaononga madziwo. Mapeto ake zimadwala ndi kufa.

Nayonso nkhasi imafuna malo aakulu, malita 15 pa sentimita iliyonse ya chigoba chake. Imafunanso mwala wouma woti izikwerapo poothera dzuŵa. Si bwino kuisunga pamodzi ndi tinsomba chifukwa imatidya. Munthu akaigwira asambe m'manja ndi sopo, popeza imanyamula tizilombo toyambitsa matenda otsekula m'mimba.

Nkhasi zina zimakhala ndi moyo zaka zoposa 20. Choncho wofuna kuŵeta aganize mofatsa asanagule.

Mafunso
1. Kodi chimachitika n'chiyani nsomba zikathithikana?
2. Chifukwa chiyani nkhasi imafuna mwala wouma?