CIKANGA KU KUKU: DZANJA LOKANDA LINGATHE KUPHUNZITSIDWA

Mwezi wa Okutobala ndiwo ubvuta koposa kwa mabanja a m'komboni ya Kuku amene ali ndi mwana wodwala cikanga. Nyumba za malata zimene zakhala padzuwa usana wonse sizizizira msanga, ndipo m'cipinda mogona anthu anai kapena asanu thukuta limayamba kuyabwa mkati mwa zigongono, m'khosi ndi kuseri kwa maondo. Mwana amakanda ali m'tulo. Kukaca, pa nsalu yofunda pamaoneka timadontho ta magazi. Mwanayo apita ku sukulu akuodzera, amai ake naonso atsegula kantemba kao osagona.

Makolo ambiri acita zimene adziwa. Amkalipira mwanayo, ammenya padzanja, ena amafika pommanga manja ndi citenje usiku. Zonsezi sizithandiza konse. Madotolo a khungu anaona kale kuti kukanda ndiko kucititsa cikanga kukhalitsa, ndiponso kuti dzanja lozolowera kukanda lingathe kuphunzitsidwa kuleka, koma pali njira yake, ndipo njirayo si cikoti iai.

Cikanga, cimene m'zipatala acicha eczema, si nthenda yopatsirana. Sicibwera kaamba ka uve kapena ufiti, ndipo mwana wodwala cikanga angathe kusewera ndi anzake ndi kudya nao m'mbale imodzi. Cimayenda m'mtundu, kawiri-kawiri pamodzi ndi cifuwa ca mphumu, ndipo m'maiko ena cimagwira ngakhale mwana mmodzi mwa ana 5 ali onse. Ambiri cimawaleka akamakula. Gwero lake lili m'khungu leni-lenilo, limene likhala ngati cipupa ca njerwa cimene simenti yake yagumuka: cinyezi cimaturuka, pamene sopo, fumbi ndi tizirombo zimalowa. M'caka ca 2006 akatswiri a ku Dundee, m'dziko la Scotland, anasonyeza kuti anthu ena amabadwa ndi khungu loperewera cinthu cochedwa filaggrin, cimene cithandiza khungu kusunga cinyezi.

Mabuku a ku Ulaya amalemba kuti cikanga cimafiira. Pa khungu lakuda sizitero kweni-kweni. Pamalopo pamada kuposa khungu lina, kapena pamatuwa ngati phulusa, nthawi zina pamaturuka timatuza ting'ono-ting'ono ngati pa nkhuku yososoledwa. Motero anthu ambiri amacisokoneza ndi mphere. Kusiyana kwake n'kwakuti mphere imayamba ndi kacirombo kamene kamabowola khungu, imakonda pakati pa zala, ndipo imagwira anthu onse ogona pamphasa imodzi. Ngati nyumba yonse ili kukanda, ayenera kupita onse ku kiliniki, pakuti mankhwala a cikanga sapha kacirombo ka mphere.

Ku Kuku nyengo iri yonse iri ndi bvuto lake pa khungu lotere. Mphepo ya Juni ndi Julayi imaliumitsa, ndipo majuzi a ubweya a ku salaula amalikwekwesa. Ogasiti akafika pamabwera fumbi la m'miseu ndi la ophwanya miyala, kuonjezera pa utsi wa mbaula umene suleka caka conse. Madzi ambiri a pansi pa Lusaka amacokera m'miyala ya laimu ndipo sacita thobvu msanga, kotero munthu amathira sopo wambiri, kawiri-kawiri sopo wocapira zobvala, ndi kukhula thupi ndi mwala kapena cidutswa ca saka. Mvula ikagwa, madzi amaima m'komboniyi, monga m'caka ca 2010 pamene mabanja ena a ku Kuku ndi Misisi anasamutsidwira m'matenti pa Independence Stadium. Mwana wa zilonda zokanda akaponda m'madzi otere, tizirombo tapeza khomo lotsegula.

Nanga n'cifukwa ninji kukanda kumakoma? Zikhadabo zimabweretsa kaululu pang'ono kamene kamaphimba kuyabwa kwa kanthawi. Koma zimang'ambanso khungu, khungulo litupa, ndipo kuyabwa kubweranso ndi mphamvu yoposa kale. Pakapita miyezi, khungu limalimba ndi kucindikala ngati cikopa. Pofika apa dzanja lazolowera. Limakanda munthu akamabvula zobvala, akakwiya, akakhala pa mzere wa madzi kapena m'minibasi, ngakhale palibe ciri conse coyabwa, ndipo mwini wake sadziwa n'komwe kuti ali kukanda.

Njira yoletsera cizolowezi cotere inayamba kulembedwa ku America m'caka ca 1973 ndi akatswiri awiri a za maganizo, Azrin ndi Nunn, amene anali kuthandiza anthu oluma zikhadabo ndi a zizolowezi zina. M'caka ca 1986 a Lennart Melin, a Peter Norén ndi anzao ku Sweden anaiyesa pa odwala cikanga. Onse anapatsidwa mankhwala odzola a hydrocortisone, koma gulu limodzi linaphunzitsidwanso kuleka kukanda, ndipo khungu la gululi linapola koposa la anzao. Pambuyo pake a Christopher Bridgett anaigwiritsa nchito zaka zambiri pa cipatala ca Chelsea and Westminster ku London.

Mlungu woyamba wodwala saletsedwa kukanda. Nchito yake ndi kuwerenga cabe. Ku London amagwiritsa nchito kamakina kodina ndi cala, koma ku Kuku njere za cimanga zikwanira: munthu aika njere m'thumba la kumanja, ndipo nthawi iri yonse akakanda, kutikita kapena kudzikhuza pa cipupa, asamutsa njere imodzi kumka m'thumba la kumanzere. Madzulo awerenga, nakumbukira kumene anali ndi cimene anali kucita pamene njere zinacuruka. Ambiri amadabwa ndi kucuruka kwa njerezo, ndipo kudabwa kumeneko ndiko kuyamba kwa kucira, popeza dzanja limene linali kuyenda mobisika laonekera poyera.

Mlungu waciwiri dzanja lipatsidwa nchito ina. Likafuna kupita pa khungu, munthu afumbata nkhonya zonse ziwiri pang'ono ndi kuwerenga mumtima kufika 30, maganizo ali pa cinthu cina cokondweretsa. Kawiri-kawiri kuyabwa kumakhala kwacepa. Ngati kukalipo, atsina pang'ono pamalopo kapena kukanikizapo ndi cala osakoka. Nsalu yonyowa ndi madzi ozizira a mu mtsuko nayonso iziziritsa malo oyabwa. Nthawi zoopsa zimene njere zinaulula ziyenera kukonzekeredwa: kubvala msanga atasamba, kudzuka pomwepo tulo tikatha m'malo mogona-gona, kukhala ndi kanthu m'manja pomvera wailesi. Madotolo amenewa anapeza kuti khungu locindikala lingathe kusalala pa milungu 4 kufika 6 likasiyidwa ndi zikhadabo.

Mwana wamng'ono sangawerenge njere. Nchito yonse iri kwa akulu, ndipo lamulo lake ndi lobvuta kwa amai otopa: asanene konse mau akuti "leka kukanda", cifukwa mauwo amangomkumbutsa mwana za kuyabwa. M'malo mwake amgwire dzanja mwacikondi, ampatse nyemba zosenda, mpira wa mapepala kapena nyimbo ya m'manja, ndi kumtamanda pamene wakhala osakanda. Agogo, azakhali ndi aphunzitsi auzidwenso zimenezi kuti onse acite cimodzi-modzi. Zikhadabo ziwengedwe kawiri pa mlungu, ndipo usiku mwana abvale malaya a thonje a manja aatali.

Komatu nkhonya yokha siciza cikanga. Khungu lifuna mafuta, ndipo mafuta oyera a Vaseline opanda fungo ali bwino kuposa mafuta odula onunkhira. Adzoledwe kawiri pa tsiku kapena kuposa, maka-maka atangosamba thupi lisanaumitsitse, ndipo asaleke ngakhale khungu lioneke lapola. Madzi osamba akhale ofunda pang'ono, osakhula thupi, sopo wocepa. Aqueous cream ithandiza posamba m'malo mwa sopo, koma kwa ana ena imayabwa ikasiyidwa pathupi, monga anacenjeza akulu oyang'anira mankhwala ku Britain m'caka ca 2013. Makolo akumbukirenso kuti nsalu yolowa mafuta imagwira moto msanga, kotero mwana wodzola asayandikire mbaula kapena kandulo.

Pamene cikanga cabuka, a ku kiliniki kapena ku cipatala ca Chawama amapereka mankhwala odzola monga hydrocortisone, ndipo cikakanika amatumiza wodwala kwa madotolo a khungu ku UTH. Muyeso wake ndi wapafupi: mankhwala ofinyidwa kucokera pa nsonga ya cala camkombaphala kufika pa mfundo yoyamba akwanira malo aakulu ngati zikhato ziwiri za munthu wamkulu. Mapiritsi a Piriton amene anthu amakonda kugula amagonetsa tulo, koma saciza khungu. Ndiponso si bwino kummana mwana mazira, nshawa kapena kapenta asanaonedwe ndi dotolo, pakuti ana ambiri a cikanga alibe bvuto ndi zakudyazi ndipo thupi lao lizifuna.

Pali zizindikiro zimene sizilola kudikira. Cikanga cikayamba kuturuka mafinya kapena nkhanambo zacikasu, thupi likatentha, kapena pakabuka matuza owawa ofalikira msanga, maka-maka kumaso, wodwala apite ku cipatala tsiku lomwelo. Wamkulu amene sanadwalepo cikanga paubwana koma wayamba kuyabwa thupi lonse ayenera kupimidwa, cifukwa kuyabwa kotere kumabweranso ndi HIV kapena matenda a impso ndi ciwindi.

Cikanga cikapola cimasiya mawanga akuda kapena oyererako, ndipo apa atsikana ambiri amagwa m'msampha wa mafuta oyeretsa khungu ogulitsidwa pa misika. Ena mwa mafutawa ali ndi clobetasol, mankhwala amphamvu kwambiri oyenera kuperekedwa ndi dotolo ndi kugulidwa m'masitolo a mankhwala obvomerezedwa ndi bungwe la ZAMRA. Akadzoledwa miyezi yambiri amapyapyalitsa khungu, ndipo akalekedwa mwadzidzidzi kuyabwa kumabwerera mwaukali. Mawangawo amazirala okha pang'ono-pang'ono, ngakhale kuti pa khungu lakuda zimatenga miyezi ingapo.