Za Masewera a Pakompyuta ndi Tchalitchi cha ku Paris

Ambiri a inu mudandaula poona ana atapenyetsetsa kompyuta kapena foni, nimuti masewera otere angodya nthawi. Madandaulowo ali ndi pake, pakuti ena a masewerawa ngodzala ndi ndewu, osayenera tiana. Komabe imvani nkhani iyi.

M'chaka cha 2014 kampani ya ku France yotchedwa Ubisoft inatulutsa sewero la Assassin's Creed Unity. Wosewera ayenda m'mzinda wa Paris monga unalili pa nthawi ya chipolowe chachikulu chimene chinayamba mu 1789, anthu ataukira mfumu yawo. Pakati pa mzindawo pali tchalitchi cha Notre-Dame, ndiko kunena Amayi Athu, chimene Episkopi Maurice de Sully anayamba kumangitsa mu 1163. Mmisiri wina wamkazi, Caroline Miousse, anatha pafupifupi zaka ziwiri akuchijambula m'seweromo, mwala ndi mwala.

Tsono pa 15 April 2019 moto unapsereza denga la tchalitchicho, nugwetsa nsanja yake yosongoka. Ubisoft inalonjeza mayuro 500,000 othandizira kukonzanso, nilola anthu kutenga sewerolo kwaulere kwa mlungu umodzi. Anyamata ndi atsikana amene sanapondepo ku France anamva chisoni ngati chapsa n'chakwawo, pakuti anali atakwera kale makoma ake m'masewera. Tchalitchi chinatsegulidwanso pa 7 December 2024.

Koma taonani chinthu ichi. Nsanja imene ioneka m'seweromo siinalipo mu 1789. Anaimanga ndi Eugène Viollet-le-Duc mu 1859, patapita zaka 70. Opanga sewero anaiikamo dala kuti anthu achizindikire tchalitchicho. Mwana amene wamva zimenezi ayamba kufunsa: nanga zina zoona n'ziti? Akatsegula buku apeza zoposa za m'sewero. Apeza kuti mu 1793 oukira aja analetsa Misa m'tchalitchimo, nadula mitu ya mafano 28 a mafumu a Yuda, poyesa kuti ndi mafumu a France. Apezanso kuti mitu 21 inafukulidwa pansi mu 1977, ndipo isungidwa m'nyumba ya zakale ya Cluny.

Chifukwa chake, makolo inu, musangokalipa. Khalani pansi ndi mwanayo, mumfunse kuti: "Mwananga, mzinda uwu ngwakuti? Zinachitika chaka chanji? Wadziwa bwanji kuti n'zoona?" Akalephera kuyankha, mtumeni kwa aphunzitsi kapena ku mabuku, ndipo madzulo adzakufotokozereni pabwalo. Akulu anati safunsa anadya phula. Mwana wozolowera kufunsa za Paris sadzachedwa kufunsanso agogo ake za mudzi wakwawo, ndi za anthu amene anaumba njerwa za tchalitchi chimene apempheramo Lamulungu.