Mimba ya Kalulu Woweta

Inu alimi a ku Silverest ndi midzi yonse ya m'boma la Chongwe, tamverani. Mvula ikagwa mu November udzu wanthete umacuruka, ndipo ndiyo nyengo imene akalulu ambiri amafa ndi matenda a m'mimba, makamaka ana ongoleka kuyamwa.

Kalulu sangathe kusanza. Ciri conse cimene wameza ciyenera kupyola m'matumbo, ndipo cimene cimayendetsa matumbowo ndi udzu. Cotero cakudya cacikuru cikhale udzu wouma ndi masangwe a mtedza. Kholowa ndi cisoso mupatse mutazifotetsa pamthunzi, zopanda mame. Gaga akhale wapang'ono, wosacita nkhungu. Masamba a matimati, a mbatatesi ndi a fodya musapatse konse. Pofuna kusintha cakudya, sinthani pang'onopang'ono kwa masiku 7.

M'mawa uli wonse yang'anani zitosi. Zouma, zobulungira ndi zambiri zionetsa moyo. Zofewa zimene kalulu amadya usiku si matenda ai, n'cibadwa cace. Koma mukaona kutsegula m'mimba, mumpatule, cotsani gaga ndi masamba aawisi, musiye udzu wouma ndi madzi oyera, nimusese khola, pakuti tizirombo ta coccidiosis timafalikira m'zitosi.

Akakana kudya maola 12, kapena mimba ikatupa, pitani msanga kwa mlangizi wa ziweto. Musamumwetse penicillin kapena amoxicillin wa anthu: amapha tizirombo tothandiza m'matumbo, ndipo kaluluyo angafe.